Mbuzi ya Chisoti pa Khoma la Buchala

Anabwela Lachiwili m'mawa, mwezi wa Julayi, ndili pa makwelelo ndi bulashi m'manja. Anali apolisi awili ovala zovala wamba.

"Bambo, tsikani," anatelo mmodzi. "Tikacheze pang'ono za mbuzi yanu."

Nchito yanga ndi kulemba ndi kujambula pa makoma a mashopu, kuyambila ku Nyimba mpaka ku Petauke. Mwini buchala ina ku Kacholola anali atandipempha chithunzi choseketsa makasitomala. Ndinajambula mbuzi yonenepa, itavala chisoti, ikuyang'ana mpeni. Pansi pake ndinalemba kuti LELO NDINE, MAILO NDIWE. Inali nyengo ya kampeni, ndipo munthu wina wamkulu m'dela lathu ankavala chisoti chotelo. Ine sindinaganizeko.

M'chipinda chofunsila mafunso anandionetsa chithunzicho pa foni.

"Mbuzi iyi ndani?" anafunsa wamkulu wao.

"Ndi mbuzi chabe, bwana."

"Mbuzi za kwanu zimavala zisoti? Nanga mpeni wagwila ndani?"

Ndinati mpeni uli pa thabwa, palibe waugwila.

"Ndiye kuti mukuitana wina adzaugwile."

Ndinati mauwo ndi a mbuzi, ikudandaula kwa mbuzi inzake. Ndinaonjeza kuti kwathu kuno mailo ndi mawa, komanso ndi dzulo. Anati nzelu zandichulukila. Zimene zinatsatila sindizilemba. Khutu langa lamanzele linasiya kumva tsiku limenelo.

M'selo tinkagona mosinthana, malo anali ochepa. Mkazi wanga ankabwela ndi chakudya pa basi, nthawi zina n'kubwelela nacho. Mkaidi mnzanga, mlimi wa thonje wa ku Ndake, anandipempha kuti ndimujambulile mwana wake pa khoma ndi kachidutswa ka sopo. Ndinamukanila. Sanandifunse chifukwa.

Anandimasula mu Seputembala, osaonana ndi woweluza. Mlonda wa pa geti anati, "Pitani, bambo. Muzisankha zojambula." Khoma la buchala lija ndinalipeza atalipaka kale laimu. Mwini buchala anayang'ana kumbali pamene ndinkadutsa.

Nchito ndikugwilabe, ana afunika kudya. Ndine mfulu, ndimapita kumene ndafuna, koma dzanja limaima lokha lisanafike pa khoma. Mwezi watha amai ena ogulitsa chakudya anandipempha nkhuku pa chikwangwani chao. Ndinawafunsa ngati kuno kuli munthu wofanana ndi nkhuku. Anaseka mpaka misozi.

Ine ndinaima pomwepo, kudikila yankho.