Chaka Chimene Mchenga Unaleka Kundiotcha

Chizindikiro choyamba chinali chinthu chimene anthu ankanditamanda nacho. M'mwezi wa Okutobala, itangotha njala yaikulu ija, usipa unagwidwa wochuluka kwathu kunyanja ya Salima, ndipo ife akazi tinkauyanika pamchenga dzuwa lili paliwombo. Amene anakhalako kunyanja akuudziwa mchenga wa mwezi umenewo. Munthu suyenda, umachita kudumphadumpha ngati waponda makala. Anzanga ankathamanga akukuwa, madengu ali pamutu, pamene ine ndinkayenda pang'onopang'ono ngati ndikupita kutchalitchi. Ankati, "Esinati ali ndi mapazi a mvuu," ine n'kumanyadira. Madzulo ndinkapeza matuza kumapazi osadziwa kuti ndapsa nthawi yanji.

Pantchafu panalinso banga lotuwa, losayabwa ndiponso losapweteka. Mng'ono wanga Elube anati ndi chipere, tinapakapo masamba osinja ndi phulusa. Silinachoke, ndipo mvula itagwa lina linatuluka pamkono. Nthawi imeneyo mwana wanga mmodzi yekhayo, Marita, anali akukwawa. Tsiku lina ndikuwamba nsomba, Elube anamva fungo la chinthu chopserera n'kupeza kuti chala changa chili pakhala lamoto, ine ndikungocheza. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mwana. Tonse awiri tinadziwa kuti ndi khate.

Wakhate masiku amenewo ankamumangira kanyumba kunja kwa mudzi, n'kumupatsa mbale yake ndi chikho chake. Akamwalira, akuluakulu ena ankakana kuti aikidwe m'manda, ati nthaka ingaipe mvula n'kuleka kugwa. Zimenezo sizinkandiopsa kwenikweni, wakufa sadziwa pomwe wagona. Chimene chinkandidula mtima n'chakuti andilanda Marita. Choncho ndinabisa. Ndinkafunda nsalu mpaka m'manja ngakhale kunja kukutentha, ndinaleka kusamba ndi anzanga, ndipo ndinatha chaka chathunthu ndikunama kuti ndili ndi nyamakazi. Pomafika chilimwe chotsatira zala ziwiri za dzanja lamanja zinali zitapindika, phazi lili ndi bala lonunkha limene silinkapola. Bambo a Marita, omwe anali mkamwini pamudzi pathu, anapinda ukonde wawo nati akukaona nsomba kumpoto. Mpaka lero akuzionabe.

Mphunzitsi wa mpingo wathu ndiye anandiuza poyera kuti kuli chipatala cha amishoni chosunga akhate. Tinakwera sitima ku Salima, ine, Elube ndi Marita ali kumbuyo kwanga. Titafika, sisitere wina wachizungu anandiuza kuti nditsinzine, n'kumandikhudza ndi kathonje apa ndi apo kuti ndizinena pamene ndamva. Malo ambiri sindinamve kanthu. Atamaliza anati, "Mukanabwera banga lili limodzi, zala izi zikanapulumuka, ndiponso simukanakhalitsa kuno. Mwanayu sangakhale nanu." Elube anamasula Marita kumsana kwanga n'kumubereka iye. Mwanayo ankayamwabe. Mabere anatupa mlungu wonse, ndipo ululu umenewo ndiye ndinkaumva bwinobwino.

Moyo wa kumeneko unali wa belu. M'mawa tinkandanda pakhonde, kuviika mapazi m'madzi, kupala zikang'a, kumangitsa mabala. Masiku ena kunali jakisoni wa mafuta olemera amene ankasiya zotupa m'matako, munthu osatha kukhala pansi. Amene tinali ndi mphamvu tinkalima m'munda wa chipatala, ndipo madzulo tinkayang'anana m'manja ndi kumapazi kuti tione ngati mpini kapena minga yatibaya osadziwa. Nthawi yotsalayo inali yodikira basi. Maliro ankachitika kawirikawiri, ndipo tinkaikana tokhatokha chifukwa achibale sankabwera.

M'chipinda chathu munali a Nangozo, mayi wachikulire amene zala zawo zonse zinali zitatha. Anali ndi pakamwa poyabwa. Atandiona ndikulira anati, "Iwe mwana, khungu ndilo latithawa. Mphuno ndi makutu akadali athu, usawapereke ulere." Iwowo ndiwo anandiphunzitsa kudikira nyengo imene mitengo imaphukira. Udzu uli wopserera, dziko lonse lili phulusa, mwadzidzidzi mitengo ya m'phiri inkatulutsa masamba ofiira osalawako ndi dontho lomwe la mvula. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Kenako kunkabwera chizimalupsa, kamvula koyamba kaja, ndipo tinkatuluka tonse, otsimphina ndi okwawa omwe, kukanunkhiza fungo la nthaka. Mango akayamba kupsa, a Nangozo ankapana limodzi la mangowo pakati pa zikhatho zawo zopanda zala n'kumaliyamwa, madzi ake akuyenderera mpaka m'zigongono, iwo akuseka. Kwathu ndinali ndisanaimepo n'kuyang'ana tsamba la mtengo. Ndinadzaphunzira zimenezo pamalo pamene panalibe china choyang'ana.

Koma nyengo yomweyo ndiyo inkandilasa kwambiri. Masamba ofiira akatuluka ndinkadziwa kuti chaka china chapita. Ndinkati tsopano Marita akuyankhula, tsopano wagula mano, tsopano wayamba kusenza kamtsuko, ndipo zonsezi akuzionetsa munthu wina. A Nangozo anamwalira m'nyengo yoteroyo, mango akadali aawisi.

Patapita zaka kunabwera mapiritsi oyera ang'onoang'ono, jakisoni uja n'kuleka. Poyamba ankandichititsa chizungulire, koma mabanga anayamba kuzimiririka ndipo bala la kuphazi linapola. Ankatidula pang'ono kukhutu nthawi ndi nthawi kuti akaone ngati tizilombo tikadalimo. Tsiku lina sisitere anati, "Esinati, nthenda yatha. Simungapatsirenso munthu. Pitani kwanu."

Ndinafika kumudzi masana. Pakhomo pa Elube panali kamtsikana kakutsuka mbale, kamaso ngati a mayi anga. Elube anati, "Marita, awa ndi amayi ako." Mwanayo anagwada, analeredwa bwino ndithu, n'kundipatsa moni waulemu. Kenako anayang'ana manja anga, anasendera kumbuyo kwa Elube n'kufunsa motsitsa mawu, "Amayi, alendowa agona konkuno?"

Anthu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwo umanenedwa ndi akuluakulu, mwana saudziwa. Elube sindimuimba mlandu, anandilerera mwana pamene ena akanamutaya.

Lero ndili bwino. Zala zitatu zinapita, ndipo mapazi samvabe, choncho ndimavala nkhwaila ndi kuwayang'ana tsiku lililonse. Ndimalima kadimba kanga, ndimadya m'mbale imodzi ndi anthu, ndipo mitengo ikaphukira ndimakhala pakhonde n'kumaiyang'ana. Marita anakwatiwa pamudzi pomwe pano. Amanditungira madzi, amandigawira ndiwo, sanandichitirepo mwano. Koma tsiku limene ankabereka mwana wake woyamba, amene anamuitana ndi kumugwira dzanja anali Elube. Ine ndinadikira panja pamodzi ndi anthu ena.

Inu mukaona banga losamva kukhudza, kapena mukapsa osamva kuwawa, musadikire ndipo musabise. Pitani kuchipatala banga likadali limodzi, mankhwala alipo. Ine ndinabisa poopa kutaya mwana, ndipo kubisako ndiko kunandikhalitsa kutali mpaka anandiiwala. Marita amadutsa pakhomo panga m'mawa uliwonse, wamoyo ndi wathanzi, n'kundipatsa moni wa mlendo.