Mwendo Wamanzere wa Mai Kolala

Pa 9 Malichi chaka chatha, kapitawo wa pashopu yosoka mayunifomu anauza Mai Kolala kuti mwendo wotupa si matenda, ndi ulesi chabe umene watsikira m'katumba. Ananena izi pamaso pa atelala onse, nawakaniza kupita kuchipatala ntchito isanathe. Mawu amenewo sanawabwezebe mpaka lero.

Dzina la Kolala analipata kalekale, chifukwa kolala yosoka iwo imaimabe njo ngakhale malaya atasanduka sanza. Anakulira pa makina opalasa ndi miyendo yonse iwiri, ndipo ana awo anaphunzira sukulu ndi kupalasa komweko. Atabwera makina amagetsi, phazi lamanja lokha ndilo linkaponda. Lamanzere linkangokhala duu pansi pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka poweruka, poti kapitawo ankati wodzuka pampando ndi mbala ya nthawi.

Tsiku la 9 Malichi lija katumba wamanzere anali atatupa, akutentha ngati nsimbi. Anasoka ataluma mano. Atafika kunyumba, alamu awo anatereka madzi kuti awathowe ndi kuwasisita, monga timachitira tonse. Mai Kolala anakana, osati chifukwa chodziwa kanthu ayi, koma ululu wake sunkalola ngakhale nsalu kukhudzapo.

"Alamu, manja anuwo ndimawadziwa, anathyola kale chogwirira ketulo. Ingondiperekezani kuchipatala."

Dokotala ataunika mwendowo, anapeza magazi ataundana mumtsempha. Anati kusisita kukanatha kuwasomola n'kuwatumiza kumapapo, ndipo bwenzi nkhani ili ina. Alamu aja anabisa manja kumbuyo.

Pofuna kuti amve bwino, dokotala anawauza kuti magazi nawo ali ndi telala wawo, dzina lake trombini. Singano ikakubaya, ndiye amapota ulusi kuchokera m'magazi momwemo n'kutseka bala. Yemweyonso amadzutsa khoma la mtsempha ndi kuitana asilikali a m'thupi, n'chifukwa chake pamalopo pamatupa ndi kutentha, ndipo kutupako kumaitananso trombini wina. Magazi akaima nthawi yaitali, telalayu amayamba kusoka pamene sipanang'ambike.

"Ameneyo ndiye wofunika kapitawo, osati ine," anatero Mai Kolala.

"Kapitawo wake ndi jakisoni uyu, amayi. Tembenukani."

Mankhwala anamugwira dzanja trombini, mwendo unaphwa pang'onopang'ono. Anabwerera kuntchito atavala sokosi yothina yakuchipatala, atauzidwa kuti mwendowo usamagone pansi pa tebulo.

Dzuwa litakwera, makina ali phokoso, anachotsa phazi n'kuimirira. Kapitawo anafunsa kumene akupita.

"Ndikukayendetsa magazi, achimwene. Mukafuna, tiyeni."

Anayenda pakati pa matebulo mpaka pakhomo, osafulumira. Pobwerera anapeza mayi wa mabatani ataimirira. Kenako wa matumba, kenako mdala wodula nsalu amene analibe n'chifukwa chomwe, poti iye amagwira ntchito choimirira. Makina onse anati zii. Kapitawo anayang'ana wotchi, anayang'ana anthu. Akanachotsa ndani n'kusiya ndani?

Lero pashopupo amadzuka kawirikawiri n'kuzungulira matebulo, ndipo amakutcha kuyenda kwa Kolala. Mayunifomu akutuluka monga kale, makolala ali njo.

Chatsala ndi chimodzi. Kapitawo uja akadali pampando wake, ndipo amapatsa mayiwa moni ngati sipanachitike kanthu. Moni si yankho. Anamupatsa ndani udokotala woyeza mwendo wa munthu ndi maso? Aimirire pamene anaimirira tsiku lija, pamaso pa atelala omwewo, ayankhe.