Lipenga Lamkuwa la Boma Lathu

Panjira ndinkauza anthu kuti ndikukasaka ndalama ya msonkho, koma chimene chinandichotsa kwathu ndi manyazi a akulu anga, a Yesaya.

Kwathu kuno, kumwera kwa Chintheche, mudzi uliwonse unali ndi gulu lake lovina malipenga, limene tinkalitcha boma, ndipo a Yesaya ndiwo anali kingi wa boma lathu. Malipenga athu anali a zikho. Tinkamata nembanemba ya kangaude pabowo n'kumaimbiramo. Chaka china pa Nyuwere tinapita kukapikisana ndi boma la ku Kande, makabudula athu ali mbee. Tinavina mpaka fumbi koboo. Koma anzathuwo anali ndi munthu wobwera kuchokera ku Halale ndi lipenga lamkuwa, ndipo atangoliza, anthu onse anatisiya n'kuthamangira kumeneko, ndi akazi athu omwe. Pobwerera, tili pafupi ndi kumudzi, a Yesaya anati, "Simoni, likanakhalapo limodzi lokha lotere m'boma lathu, ndikanafa wokondwa."

"Akulu, ndikalitenga," ndinatero, magazi a unyamata akuwira. Iwo anaseka, koma mwezi usanathe ine ndinali panjira, wapansi, nditasiya mkazi wanga NyaManda tisanadye ndi chinangwa cha munda wathu chomwe.

Masiku ano anyamata amandifunsa kuti bandi yabwino kuigwirira ntchito ndi iti, poti amva kuti ndinadya mchere wa mabandi atatu. Ndimawayankha kuti ayambe afunsa kuti chida n'chandani. Malipiro afunse pambuyo.

Bandi yoyamba inali ya pa mgodi wina ku Rodeshiya. Tinalimo ambiri, okwana kudzaza tchalitchi chaching'ono: Angoni, Abemba, Alozi, Asena ndi ife Atonga, aliyense akutukwana m'chinenero chake. Malipiro anali ofanana ndi a wosesa m'komboni, kungoti oimbafe ankatiwonjezera nyama Loweruka. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti lipenga lamkuwa suimbiramo ngati chikho, umachita kufinya milomo mpaka kutupa. Ndinalidziwa, ndinalikonda, ndinkalipukuta kuposa mmene ndinkasambira ine mwini. Tsiku lochoka, kapitawo anatambasula dzanja. "Lipenga ndi jekete, zonse n'za kampani." Ndinatuluka pageti ndi milomo yokha.

Yachiwiri inali ya m'hotela ku Bulawayo. Tinalimo ochepa, okwana pa mphasa imodzi: Azulu awiri, Mkaladi woimba piyano, Mmwenye wa ku Goa amene anali mwini bandi, ndi ine. Ndalama inalipo ndithu, sabata yabwino inkaposa mwezi wa kumgodi, koma inkabwera mwini bandi akakondwa. Tinkalowera kukhitchini, n'kumaimbira azungu ovina amene sankatiyang'ana n'komwe. Ndinatumiza bulangete ndi nsalu kwa NyaManda, kenaka ndinayamba kudumphitsa. Suti imafunika, nsapato zimafunika, ndipo mowa nawo sunkandidana. Lipenga linali la mwini bandi, ndipo ankalitsekera m'bokosi tikangomaliza. M'sitolo linalimo lina, lonyezimira pawindo, koma mtengo wake ndinkangouwerenga n'kupitirira.

Kumeneko ndi kumene anandipeza munthu wakwathu ndi uthenga wakuti abale a NyaManda amutenga, atopa kudikira mtchona, munthu wotayikira kunja. Ndinalira, sindibisa. Ndinalira m'chimbudzi cha hotela, kenaka n'kukaimba nyimbo zovina. Munthuyo anali ndi mawu enanso. "Akulu ako akuti bwera, ngakhale chimanjamanja." Ndinayankha kuti akawauze kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero ndikaukumbukira mwambi umenewo pakamwa pamandiwawa.

Ndinamva kuti ku Joni kuli bandi yaikulu koposa, imene azungu amaitcha okesitira, ndipo oimba ake amalandira mwezi ndi mwezi ngati makalaliki. Ndinapita. Zinali zoona. Anthu ake ankadzaza nsanja yonse ya holo, a mavayolini okha kuposa boma lathu lonse, ndipo aliyense ankabwera ndi chida chakechake m'bokosi lake. Munali Angelezi, Ayuda, Ataliyana, Mabunu, ndi azimayi angapo. Ankadana, ankanyozana, koma bambo wowatsogolera, wa kandodo m'manja, akakweza dzanja ankapuma mpweya umodzi. Munthu wakuda munalibe. Nditanena kuti ndimaliza lipenga, mzungu wolemba ntchito sanakwiye n'komwe, anangondiloza mipando. Ndiye ntchito yanga inakhala imeneyo, kundandalika mipando ndi kunyamula ng'oma. Malipiro onyamula mipando kumeneko ankaposa oimba kumgodi, ndipo zimenezi zinkandiseketsa ndi kundipweteka nthawi imodzi.

Sindinasungulumweko ngati mmene ndinasungulumwira m'holo imeneyo. Ndinkaima kuseri kwa nsalu, nyimbo ikundilowa m'mafupa, zala zikudina mabatani a lipenga limene ndinalibe. Ndikabwerera kukachipinda kanga ndinkalankhula ndekha Chitonga kuti ndisachiiwale.

Nkhondo ya azungu itabuka, anayamba kutenga Ataliyana kukawatsekera. Nkhalamba ina ya Chitaliyana yoliza lipenga m'bandimo inandikokera pambali. Inali ndi lipenga lakale, lophwanyika pang'ono m'mbali, ndipo inandigulitsa motchipa chifukwa cha changu. Ndinalikumbatira ngati khanda. Sindinatsanzike aliyense kupatula kapitawo wa mipando.

Sitima inanditsitsa ku Nkhata Bay, ndipo ndinayenda wapansi, bokosi lili pamutu. Ndinkayembekeza kumva ng'oma ndikayandikira, poti inali nyengo yokonzekera Nyuwere. Kunali zii. Mabwato ambiri anali chafufumimba pamchenga, ena atamera udzu m'mbali. Madenga ankakonza ndi azimayi.

A Yesaya ndinawapeza pakhonde, ataonda ngati bango, akutsokomola. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe Simoni?"

"Ndine, akulu. Ndabwera nalo."

Ndinatsegula bokosi. Analisisita, analiika pakamwa, koma mpweya unawathera lisanalire. Ndinafunsa za boma lathu. Anayamba kutchula mayina a anthu amene tinkaima nawo pamzere: uyu ali ku Halale, uyu ku Joni, awa anawatenga usilikali, uyu sitikudziwa. Ng'oma yaikulu inadyedwa ndi chiswe. Ku Kande nakonso, anatero, zinali chimodzimodzi, kunalibenso wopikisana naye.

"Komabe liza, ndimve," anatero. "Osati pano. Pabwalo."

Ndinawagwira mkono mpaka pabwalo pamene tinkavinira. Dzuwa linali pamutu. Ndinaliza nyimbo yathu yolowera, ija tinkaguba nayo, ndipo inamveka mpaka kumapiri. A Yesaya anawongoka msana, mwendo wawo n'kuyamba kuponda.

Kenaka ndinaona azimayi akubwera chothamanga. Ena ankachokera kumunda makasu ali m'manja, ena kunyanja kumene ankaviika chinangwa, manja akudontha, ana akulira kumsana. Ankalulutira. Mudzi unali usanamve malipenga kwa zaka, ndiye iwo anaganiza kuti amuna abwera onse pamodzi, boma lathunthu. Atafika pabwalo anapeza anthu awiri, wina wodwala, wina wa suti yakutha. Nthungululu zinazima imodziimodzi.

Anandizungulira. "Ada, mwabwera nokha?" "Ada, a Timoti munawaonako?" "Nanga mwana wanga Yakobe?" Tsoka lake mayankho ena ndinali nawo. Timoti ndinamusiya ku Bulawayo ali ndi mkazi wina ndi ana. Yakobe tinamuika m'manda a pamgodi, ndipo ine ndinaliza nawo lipenga pamaliro ake, ndikuganiza kuti kampani inatumiza uthenga. Amayi ake anali patsogolo panga, atagwira mkono wa jekete yanga, akumwetulira. Ndinawakhazika pansi n'kuwauza. Maliro anayambira pabwalo pomwepo.

Pobwerera kunyumba a Yesaya anatsamira paphewa panga. "Yewu, Simoni, ndalimva. Limalira bwino," anatero. Tinayenda pang'ono, anatsokomola, kenaka anawonjezera, "Koma usalizenso. Azimayi azithamanga pachabe."

Anamwalira mvula isanathe. Pamaliro awo abusa anandipempha kuti ndilize, poti anali kingi. Ndinayang'ana azimayi amene anakhala kuseri kwa nyumba, ndipo ndinati tingoimba pakamwa.