Mkanda umene a Zuze anaukana

Ndikakumbukira a Zuze, mphuno mwanga mumabwera fungo la sipiriti ndi polishi wa zitsulo, fungo limene linkakanirira m'jekete lawo ngakhale Lamlungu, n'kumadutsa pampanda wa waya mpaka kulowa m'khitchini mwathu ku Glen Norah. Anali munthu wa ku Tete, wamng'ono thupi, wouma pakamwa, ndipo kwa zaka zambiri ankasesa ndi kupukuta m'sitolo ya mzungu wogulitsa mphete ndi mikanda m'tauni. Ana tonse a mumzere wathu wa nyumba tinkawatcha agogo ngakhale panalibe chibale. Tsiku lina nditawatopetsa ndi mafunso, anandiuza kachinsinsi ka ntchito yawo: ukauzira mpweya wa m'kamwa pagalasi, nkhungu imachedwa kuchoka, koma padayamondi weniweni imathawa usanaphethire. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinadziona ngati katswiri.

Nkhondo inali itafika pothina, dziko likadali Rodeshiya. Malole a asilikali ankagwedeza mawindo athu m'mawa uliwonse, ndipo ife a ku Malawi, amene anzathu Achishona ankatitcha Manyasarande, tinkadziwa kuti ukalakwitsa kamodzi kokha nyumba ya kanselo akulanda, bambo wa pakhomopo n'kupita kundende kapena kuthamangitsidwa m'dziko.

Loweruka lina masana, amayi akusita yunifolomu yawo ya kutchalitchi, panamveka mawu pageti.

"Odi kuno! Ndamva kuti pano pali akwathu."

Anali bambo wa suti yotuwa, nsapato zili phuliphuli. Chichewa chake chinali chosalala, chopanda liwu la Chishona ngakhale limodzi, ndipo anatchula mapiri a ku Dedza mpaka abambo anga, amene anali asanaoneko kwawoko kwa zaka makumi awiri, anayamba kupukuta m'maso. Tiyi atamwa, mlendoyo anamasula kampango pa tebulo. Munali mikanda iwiri yagolide, uliwonse uli ndi timiyala tonyezimira.

"Azungu akuthawa, achimwene, zinthu akugulitsa motaya. Alamu angawa azingovala za pulasitiki mpaka liti?"

Amayi anaseka mwamanyazi, koma maso sanachoke patebulo. Abambo anali atangolandira bonasi kufakitale. Anati, "Ine za golide sindizidziwa. Thamanga, kaitane agogo ako a Zuze."

A Zuze anabwera, osapereka mkono kwa mlendoyo. Anatulutsa kagalasi kawo kokuzira zinthu, n'kunyamula mkanda woyamba. Anauzira mpweya. Ine ndinaima pafupi ndi phewa lawo ndipo ndinaona nkhungu ikukhala pamwalapo kanthawi ndithu. Ananyamula wachiwiri. Anauyesa kulemera kwake padzanja, anayang'ana nthawi yaitali pokolowekera pake, pamene panali popindika ngati wina anachita kuukoka, kenako anauzira. Nkhungu inathawa pompo.

"Uwu ndi wa mabotolo," anatero a Zuze, n'kuukankhira kutali ndi chala. "Ngati mukufuna kugula, gulani woyambawu."

"Koma agogo, mpweya wathawa!" ndinakuwa ine. "Paja munati..."

Chidendene chawo chinatera pa zala zanga za kuphazi mwamphamvu moti ndinaluma lilime. Nkhope yawo sinasinthe. Mlendo uja anatembenuka pang'onopang'ono, nandiyang'ana akumwetulira, koma maso ake sankaseka.

"Mwana wochenjera uyu. Dzina lako ndani, mama? Umaphunzira sukulu iti?"

"Ndi chitsiru chimenechi, chimangobwebweta," anayankha a Zuze. "Choka apa, katsuke makapu."

Ndinapita kukhitchini ndikulira, osadziwa chimene ndinkaopa. Abambo anagula mkanda woyamba uja. Pasanathe milungu iwiri khosi la amayi linayamba kubiriwira, golide uja akusupuka ngati khungu la njoka. Abambo anakalipa pampanda kuti mzere wonse umve: "Zaka zonsezi m'sitolo ya golide, kungodziwa tsache basi!" A Zuze anapitiriza kuthirira repu wawo.

Apolisi anabwera Lachiwiri m'mawa, ndi agalu. Sanalowe nyumba iliyonse ayi. Anali ndi pepala, ndipo ankalumpha makomo ena n'kulowa ena. Kwathu anagubuduza matiresi, anakhuthula ufa pansi, abambo ataimitsidwa kukhoma manja ali m'mwamba, galu akununkhiza miyendo yawo. Wapolisi wachizungu anatola mkanda wa amayi m'kachitini ka mabisiketi, anauyang'ana pokolowekera, n'kuuponya pansi akuseka. Anatuluka.

Kumzere wakuseri kwathu kunkakhala aphunzitsi ena, munthu wofatsa wa ku Ntcheu, amene anagulira mkazi wawo mkanda wachiwiri uja. Tinamva kuti unachokera pa famu ina kumene anaphako mzungu ndi mkazi wake, ndiye mlandu sunalinso wa kuba, unali wa kudyera limodzi ndi anyamata a m'tchire, amene ankamenyana ndi boma. Ndinawaona aphunzitsiwo akukwezedwa m'galimoto atavala nsapato imodzi. Mwezi usanathe, mipando ndi mapoto awo zinali panja pamvula, pakhomo pali loko wa kanselo. Sanabwererenso ku Glen Norah, ndipo palibe amene ankafunsa mokweza.

Madzulo a tsiku la apolisilo, dzuwa lisanalowe, abambo anapita pampanda chipewa chili m'manja. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko.

"A Zuze, munadziwa bwanji?"

"Sindinadziwe kanthu. Ndinangoona kuti pokolowekera pali zilembo za dzina la munthu, ndiponso mwini wake sanachite kuvula yekha. Mtengo umene ankatchula uja sungagule ngakhale kamwala kamodzi."

"Nanga bwanji simunangoti tisagule chilichonse?"

"Munthu wotere sabwezedwa chimanjamanja. Akapita wokwiya, amabweranso ndi nkhani ina." Kenako anati, "Dzifunseni izi: pepala la apolisi lija analemba ndani?"

Ine ndinakumbukira kuti mlendo wa mikanda uja anandifunsa dzina ndi sukulu, ndipo kwa miyezi yambiri ndinkapita kusukulu modzera njira zosiyanasiyana, ndikucheuka ndikamva nsapato kumbuyo.

Pano ndine gogo, ndili ku Glen View, ndipo adzukulu anga amati ndine wovuta. Mmodzi akukonzekera ukwati, akufuna mkanda wagolide wa dayamondi. Ndamuuza kuti akagule m'sitolo yokhala ndi chitseko ndi dzina, abwere ndi lisiti, ndipo wina akamutsitsira mtengo kwambiri athawe osatsanzika. Amandiseka, amati nkhondo inatha kalekale. Aseke. Ine mlendo akaima pageti langa n'kundipatsa moni wa Chichewa chokoma kwambiri, kunditchula kuti wakwathu, ndimamuyankha m'Chishona, geti lili chitsekere.