Timalamba Todinda ndi Bafuta wa Agogo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene kusukulu kwathu, kufupi ndi Migowi, kunabwera mphunzitsi wa zosoka wochokera kumpoto, Mayi Nyirenda. Khirisimasi itayandikira anati atsikana tonse tipange makadi oti akapereke kwa odwala kuchipatala. Khadi lenilenilo linali chabe pepala lolimba lodula ku katoni. Chokongoletsa chake chinali kalamba ka nsalu kodinda, komata m'mphepete.

Ntchito yake ndikuikumbukirabe m'manjamu. Nsalu yoyera umaing'amba motsata ulusi, mulifupi mwake zala ziwiri, n'kusolola ulusi wam'mbali kuti pakhale mphonje. Chidindo tinkasema ndi lezala pa mbatata yaiwisi: duwa, nyenyezi, kapena tsamba la nandolo kwa amene manja awo anali olemera. Utoto unali buluu wochapira ndi chikasu chosinja. Unkayala thumba pa desiki, kuviika mbatata pang'ono, n'kudinda kamodzi osagwedeza dzanja. Ukagwedeza, duwa linkaoneka ngati chule wopondedwa ndi njinga. Kalamba kakauma unkakasita ndi simbi ya makala, kenako n'kukamata ndi phala la ufa wa makaka.

Duwa langa linaposa la wina aliyense, ndipo sindikunena modzitama. Vuto linali nsalu. Mayi Nyirenda anangoti aliyense abwere ndi kansalu koyera, ngati n'chinthu chotola panjira. Ana a anthu ogwira ntchito m'boma anabwera ndi zidutswa za malaya akale a abambo awo. Nanga ife, nsalu yoyera tikanaitenga kuti? Kwathu chovala chikatha chinkakhala chigamba cha chovala chinzake.

Apa m'pamene analowerera Esinati, mwana wa amayi aakulu, amene ankandiposa ndi zaka ziwiri koma tili kalasi imodzi. Anandiuza kuti m'bokosi lachitsulo la agogo aamuna muli bafuta wambiri wongokhala, ndipo iye wawafunsa kale, avomera kuti titengeko. Ndinati ndipite ndikawathokoze. Anati ayi, agogo sakufuna kuti amayi amve, angachite nsanje. Ndinakhulupirira. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, mutu uli bwinobwino, kukhulupirira zoti munthu wamkulu ngati amayi angachitire nsanje kansalu.

Tsiku limenelo agogo anali kumunda, kumunsi kwa phiri. Esinati anaima pakhomo, akuti akuona ngati kukubwera munthu. Ine ndinatsekula bokosi, ine ndinafunyulula nsalu yonunkha mankhwala a njenjete, ine ndinang'amba. Ndinachotsa pafupifupi mkono wathunthu, kalamba ndi kalamba. Mawa lake ndinagawira Esinati ndi atsikana onse amene analibe, ndikumva kukoma akamanditchula dzina. Tinadinda mlungu wonse, ndipo Mayi Nyirenda anakweza khadi langa m'mwamba kuti onse aone.

Agogo anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'minda ya tiyi. Chaka chilichonse ankatulutsa za m'bokosi lawo kuziyanika padzuwa. Loweruka lina anatulutsa bafuta uja, napeza mbali imodzi ili yonyenyeka ngati yadyedwa ndi makoswe. Sanakalipe. Anayala mkeka pabwalo, anaitana banja lonse, anagona chagada, n'kuuza amayi kuti awafunditse kuyambira kumutu. Nsalu inathera m'misongolo.

"Ndani pakhomo pano," anafunsa ali chigonere, mawu akutulukira pansi pa nsalu, "wafuna kuti ndikafike kwa Mulungu mapazi ali panja?"

Ndi pamene ndinadziwa kuti ndang'amba nsanda, nsalu imene anaisunga kuti adzawakulungire akadzamwalira. Kukana sindikanatha, chifukwa zala zanga zinali zachikasu mpaka m'zikhadabo. Ndinaloza Esinati. Iye anatambasula manja, amene anali atawakwecha kale ndi mchenga.

"Ine agogo, bokosi lanu sindinaligwire ngakhale ndi chala."

Ndipo zinali zoona. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chimenecho, kuti bodza lake analiika pamalo oti mboni panalibe, n'kusunga choonadi choti anene pagulu.

Amayi anali atathyola kale chikwapu, koma agogo anawaletsa, amvekere chikwapu sichitalikitsa nsalu. Chilango changa chinali kubweza kalamba kalikonse ndi kukasokerera pamene ndinakachotsa.

Ndinayenda khomo ndi khomo, ndipo m'masiku amenewo ndinawadziwa anthu. Mtsikana amene ndinam'patsa titatu anati sakumbuka. Wina anati kake kanadyedwa ndi mbuzi, kali m'thumba lake la mabuku ndikukaona mphonje. Mayi wina, atamva kuti nsaluyo inali nsanda, anatola kalamba ka mwana wake ndi ndodo n'kukaponya m'chimbudzi ine ndikuona, kenako n'kundilalatira kuti ndabweretsa tsoka pakhomo pake. Esinati anabweza kamodzi, koipa kuposa tonse, kamene anagwedezapo dzanja. Mayi Nyirenda anandipatsa makadi ochepa amene anatsala, n'kundiuza kuti kwawo ana amafunsa asanatenge chinthu. Enawo anali atapita kale kuchipatala. Tangoganizani, odwala ali pabedi atagwira mafuno abwino a Khirisimasi omatidwa ndi nsanda ya munthu. Amayi anandigwira khutu n'kundiuza kuti za kuchipatalako ndisadzatsekule pakamwa, ndipo ndakhala chete kufikira lero pamene ndikulemba.

Timene ndinapezato ndinativiika m'madzi kuti phala lichoke. Buluu anasuluka, koma chikasu chinakana. Ndinasoka pakhonde masana aliwonse ndikaweruka, agogo atakhala pampando wawo kuyang'ana msoko uliwonse, wokhota n'kundiphwasulitsa. Esinati ankakhala potero akudya mango, n'kumandilangiza kuti ndizifupikitsa ulusi. Anthu inu, pali masiku amene munthu umadziwa kuti unabatizidwadi.

Nditamaliza, agogo anagonanso pamkeka. Nsalu inafika m'mapazi koma zala zinatsalabe panja. Anazigwedeza zalazo, anadzuka, anapinda bafuta wawo n'kubwezera m'bokosi. Anangoti akadzafika kumeneko adzanena kuti afunse Felesita, ndiye ineyo.

Anamwalira ine nditakwatiwa kale. Adzukulu okonza maliro anatuluka m'nyumba kudzafunsa amayi ngati sanawapatse nsalu yolakwika, poti kumapazi kuli misoko ndi maluwa achikasu. Amalume anafuna kuthamangira ku Migowi kukagula ina. Amayi anakana, anati mwini wake anaiona ndipo anaisunga momwemo, angowonjezera kachidutswa kophimba zala zakumapazi. Anapita nayo choncho.

Esinati ali moyo, timapemphera mpingo umodzi, ndipo akabwera kudzandiona sindimusiya yekha m'chipinda. Koma ndakula mokwanira kuti ndivomere mbali yanga. Mwini nsalu sanali kutali. Kumunda kunali ulendo woti ukaika madzi pamoto ubwerako asanawire. Sindinapite chifukwa ndinkaopa kuti akana, ndipo bodza la Esinati linali lokoma kuposa yankho la agogo. Wonama amakupeza utamutsekulira kale chitseko. N'chifukwa chake mwana akabwera n'kuti amayi akuti mundipatse chakuti, ndimavala nsapato n'kupita kukawamva amayiwo ndi makutu anga. Amati ndine wovuta. Anene.

Mdzukulu wanga wamkazi tsopano akupanga timalamba tomweti ta makadi a ukwati, ndi zidindo za labala ndi utoto wa m'botolo. Manja ake ndi abwino. Mwezi wathawu ndinam'peza ataima m'chipinda mwanga, maso ali pa sutikesi, akuti akufuna singano. Ndinam'patsa singanoyo n'kumuperekeza mpaka panja. Kiyi ndimayenda naye m'chiuno, koma ana ndimawadziwa, ndinali mmodzi wa iwo. Bafuta wa nsanda yanga, amene ali m'sutikesimo, ndinagula wopitirira ndi mkono wathunthu.