Makaseti a Bambo Anga

Bambo anga anakalambira ku Bulawayo, ndipo m'malo molemba makalata ankatitumizira makaseti. Ankasimba za kuntchito, kuimba nyimbo za kutchalitchi, nthawi zina kutikalipira ana mmodzimmodzi ngati akutiona. Atamwalira, makasetiwo anatsala kwa azakhali anga ku Mbungo, m'chitini cha mabisiketi. Ndinawapempha kwa zaka zambiri. Tsiku limene anandipatsa anati, "Achita nkhungu awa. Ukawaliza kamodzi, mwina basi."

Nthawi imeneyo ndinali ndi kachipinda pa Chipyela, pachilumba pathu pano, pomwe ndinkatayipira anthu zikalata. Msuweni wanga, mwana wa azakhali omwewo, ankasindikiza zithunzi za anthu pa laputopu yanga. Ndinamulandira ndine atabwerako ku Joni chimanjamanja.

Kachipangizo kolumikiza wailesi ya kaseti ndi laputopu kanali kakale, sikankamvana ndi makina amakono. Choncho mkati mwa laputopumo ndinaikamo kompyuta ina yongoyerekeza, pulogalamu yodzipanga ngati kompyuta yakale, n'kuipatsa kachipangizoko. Pakona pa sikirini pankayaka kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti kalumikizidwa. Ndinayesa ndi kaseti ya nyimbo wamba ndipo zonse zinajambulika bwino.

M'mawa wa tsiku lojambula makasetiwo, wailesi inayamba kukoka mawu ndisanaike kaseti ya bambo, ndiye ndinathamangira kumsika kukagula mabatire. Ndili komweko, pulinta ya msuweni inakana kusindikiza. Iye anachotsa madalaiva onse a zolumikiza pa laputopu n'kuwaikanso. Madalaiva ndi timapulogalamu tomwe timachititsa kuti kompyuta izimvana ndi zinthu zomwe walumikiza. Ukawaikanso, kachipangizo kamapulumuka m'manja mwa kompyuta ya mkati ija, koma iyo siidziwa. Imangonenabe kuti ili nako mpaka utakachotsa n'kukaperekanso.

Nditabwerera sanandiuze kanthu. Kobiriwira kaja kanali kakuyakabe. Ndinaika kaseti yoyamba, mawu a bambo anatuluka pa sipika ya wailesi, ndipo ndinaiwaliratu zoyang'ana pa sikirini. Ndinangokhala pansi, nsana kukhoma, ndikumvera. Ananditchula dzina langa la ubwana. Ndinaliza makaseti onse motsatizana, fumbi lofiirira likuyoyokera m'wailesi.

Masana nditatsegula zomwe ndinajambula, munalibe kanthu. Nthawi inkawerenga koma munali zii. Ndinabwezeretsa kaseti yoyamba. Inangong'ung'udza pang'ono n'kuduka. Enawo ankamveka ngati munthu wolankhulira pansi pa madzi.

"Unagwira chiyani apa?" ndinamufunsa msuweni.

"Madalaiva basi. Kasitomala amadikira."

"Sunaone kuti mzere wa mawu pa sikirini sukugwedezeka?"

"Ndinaona," anatero akudula chithunzi ndi sizasi. "Koma iwe umalira, ndiye ndinati ndisakusokoneze. Ndiponso amalume anapita kale, ukufuna azilankhulabe?"

Sindinamukalipire. Ndinasesa fumbi lija, n'kumusiya apitirize ntchito yake ngati palibe chachitika. Ndinkamupatsa moni, tinkadyera limodzi usipa wokazinga pakhomo. Mumtima ndinali kudikira.

Pulinta yake nayo inali yakale, ndipo inkayendera kompyuta ina yongoyerekeza yomwe ndinamukonzera ine m'laputopu yomweyo. Popanda iyo analibe chochita. Patapita miyezi anapeza ntchito yomwe ankailota, yojambula ukwati waukulu ku kefidulo, tchalitchi chachikulu chija. Achibale a mkwati ochokera kutsidya kwa nyanja, ku dziko la Msumbiji, anawalonjeza kuti abwerera atanyamula zithunzi zawo m'manja. Anagula shati yatsopano, akudzitama msika wonse.

Tsiku la ukwatilo sitima ya panyanja inali pa doko. Belu litalira, iye atalowa m'tchalitchi ndi kamera yake, ndinaika laputopu m'chikwama, ndinatseka chitseko, n'kukwera boti lopita ku sitima. Zilumba zitayamba kuchepa kumbuyo, ndinatsegula laputopu pamiyendo n'kufufuta kompyuta yake ija. Inandifunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinatsimikiza.

Ndinakhala kwa mnzanga ku Nkhata Bay mpaka sitima itatembenuka. Ndinamva kuti alendo aja anadikira zithunzi zawo padzuwa mpaka boti lawo litanyamuka, ndipo amalume a mkwati anamugwira msuweni shati ija pakhosi anthu akuona.

Nditabwerera, azakhali anayenda wapansi kuchokera ku Mbungo.

"Mwanawe, ndi m'bale wako ameneyu. Mukonzerenso."

"Azakhali, khalani pansi mupume. Ndikuphikireni tiyi?"

"Sindinabwerere tiyi."

"Ndiye palibe china chomwe ndingakupatseni."

Ananyamula chitini chawo cha mabisiketi chija, chopanda kanthu, n'kumapita.

Msuweni anayesa kulumikiza pulinta ija pa makina a anthu ena koma inakana. Pano amakhala ku Yofu kwa apongozi ake, akuthandiza kukoka makoka. Tikakumana panjira amayamba ndi iye kupereka moni, ine ndimangodutsa. Anthu akutchalitchi abwera kudzandilankhula za chikhululukiro, ndipo ndimawalandira bwino, kuwapatsa mipando, kuwaperekeza mpaka pamsewu. Pulintayo anaigulitsa kwa munthu wina wa ku Chizumulu amene ankangofuna mawaya ake.