Tsiku limene malaiti anabwera masana

Ndinali pamzere wa madzi ku Mtendere, ndowa yanga itatsala pang'ono kufika pampopi, pamene wailesi ya m'kantemba inayamba kulira yokha. Azimayi anakuwa mokondwa, "Malaiti yabwera!" Chaka chimenecho madzi anachepa kudamu lopangira magetsi, ndiye malaiti ankapita m'mawa n'kubwera madzulo. Koma apa dzuwa linali lisanafike ndi pamutu pomwe. Kenako ndinamva fungo la pulasitiki yopsa, likuchokera chakwathu.

Ana anga awiri ndinali nditawatsekera m'nyumba ndi loko, monga tinkachitira tonse popita kumadzi. Panja pali maminibasi, pali ngalande. Tinkati mwana asungika m'nyumba.

Ndowa ndinaisiya pomwepo. Ndinathamanga, patapata mmodzi n'kutsala m'matope. Nyumba yathu inali ya zipinda zinayi zondondozana, banja lililonse chipinda chake, denga limodzi. Utsi unkatuluka m'chipinda cha mnzanga wogulitsa tomato, chogundana ndi chathu. M'mawa umenewo malaiti anamuthimira akuphika phala. Anaiwala kutseka sitovu yake ya magetsi, itazizira anasanjikapo beseni la zovala, n'kutsekera mwana wake wamkazi wa zaka zitatu, ulendo kumsika ndi kiyi.

Kiyi wanga ndinali nditamumangirira kunsonga ya chitenje. Mfundo inakana. Ndinaimasula ndi mano, uku wamkulu wanga akutsokomola kuseri kwa chitseko, "Amami, amami." Nditatsegula ndinawakoka onse awiri, wina dzanja wina mwendo, mpaka pamsewu. Anali amoyo. Azibambo anamenya chitseko cha mnzanga ndi piki, koma chinachedwa kugonja, poti anachilimbitsa kuopa akuba. Mwanayo anamupeza kuseri kwa chitsekocho.

Maliro anachitikira kwa mkulu wake wa mnzangayo. Azimayi tinakhala pansi m'nyumba, azibambo panja pamabenchi, ndipo mkangano wawo unkalowera pawindo.

"Vamanzi ivi vatinamiza," anatero eni nyumba yathu, kunena magetsi a kudamu. "Mvula ikakana, tonse mu mdima. Sola ndiye yabwino, zuba sibagulisa."

"Imwe ba landilodi, ija sola yanu ingaphike binzi?" Ameneyo anali mwamuna wanga. "Iyasha chabe kababu, mitambo ikabwera yagona. Gasi yeve siizima."

"Gasi mu komboni? Iwe mufana, ufuna kutiphulisa tonse?"

Mphunzitsi wina wopuma pantchito anati mayiko ena ali ndi nyukiliya, ndipo kumeneko malaiti sathima ngakhale tsiku limodzi.

"Ba ticha, pompi tilephera kukonza, manje mutipase bomba?" anayankha wina.

Azibambowo anaseka chapansipansi. Aliyense ankafuna moto wosathima. Palibe anatchulapo za loko.

Mayi wa mwanayo anali atagoneka mutu pamiyendo panga, mawu atamuthera. Anandikoka bulauzi n'kundifunsa ngati mwana wake anaitana. Ndinati sindinamve kanthu. Ndinanama. Ndinamumva bwinobwino, ankaitana ine, "Anti," pamene mano anga anali pamfundo ija. Mpaka lero sindinamuuze.

Titachokera kumanda ndinazula pulagi ya sitovu yathu, n'kudula chingwe chake ndi mpeni wa ndiwo. Mwamuna wanga anakalipa, akuti nanga sitovu yalakwanji, akuti mwezi ukatha agula ya gasi. Ndinamuuza kuti akaigula akaphikire kwa amake. Ine ndinayamba kuphika pambaula, panja, pomwe moto ndikuuona ndi maso anga ndipo ndikathira madzi ndikudziwa kuti wafa.

Loko ndinamuponya m'chimbudzi. Kumadzi ndinayamba kupita nawo onse, wamng'ono kumsana, wamkulu atagwira chitenje changa, ndowa pamutu, maulendo anayi pa tsiku. Nyumba ndinkaisiya yongotseka ndi mwala. Anatibera ketulo ndi bulangete limodzi, ine osagulanso loko wina.